Nthambi Kumbuyo kwa Lole

Gwembe
8 Juni, 1958

Okondedwa amake Selestina,

Moni wambiri kwa inu ndi mwana. Muli bwanji kumeneko ku Bundabunda? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuchigwa kuno dzuwa silidziwa kuti ndi Juni. Inu mukufunda bulangete, ine masana thukuta lili kamukamu.

A Fidelis, aphunzitsi athu, inu amene mukuwawerengera kalatayi, moni nanunso. Muwerenge zonse monga ndalembera. Ndimakudziwani, mukafika pa mawu osakukomerani mumatsokomola n'kudumpha mzere.

Rosaria, mwamuna wanu tsopano ndi dalaivala weniweni, wa lole yakeyake yobiriwira. Fumbi lija ndinameza zaka zinayi pansi pa mgodi ku Joni ndaliiwala. Kampani yathu yabwereketsa malole ake ku boma, ndipo ine ndimanyamula matumba a chimanga kupita kwa Atonga a m'mbali mwa Zambezi. Azungu akutseka mtsinjewu ndi khoma ku Kariba. Akuti madzi adzabwerera m'mbuyo n'kumiza midzi yonse ya m'chigwa, choncho anthu akuwasamutsa, ndipo boma liziwadyetsa mpaka adzakolole kumalo atsopano. Atonga akungoseka, akuti Zambezi satsekeka. Ine sindikudziwa, changa n'chiwongolero. Koma boma lopatsa anthu chimanga chaulere ndaliona koyamba. Pa njala ya 1949, pamene inu ndi ine tinachoka ku Katete wapansi mphika uli pamutu, linali kuti?

Ndamva kuti mvula inadula msanga ndipo nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe. Ndatumiza paundi imodzi kudzera kwa abambo a ku mishoni. Gulani mchere ndi sopo, yotsalayo chimanga chisanakwere mtengo. Chimanga cha mbewu chimene ndinapachika kudenga la khitchini pa utsi, chimenecho si chakudya. Ngakhale alendo abwere olemekezeka bwanji, asachione n'komwe.

Za mesenjala amene anabwera kudzanena kuti minda yathu ili m'kati mwa famu ya mzungu, musataye nazo tulo. Malo amenewo anatilozera eni dziko, Asoli, ndipo mitengo tinagwetsa ndi manja athu. Mzungu ameneyo anali kuti pamene tinkazula zitsa? Komanso mwana wathu Regina wagona pomwepo, patsinde pa msuku kumapeto kwa munda. Muzisesa pamanda, mbuzi zisamapondepo.

Ndine mwamuna wanu,
Fabiano Sakala


Gwembe
20 Julaye, 1958

Amake Selestina,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha mwana chapola. Ine ndili moyo, msana wokha ndiwo ukudandaula. Misewu ya kuno ndi miyala yokhayokha.

Matumba ndasiya, tsopano ndikunyamula anthu. Timafika pamudzi m'mawa pamodzi ndi amesenjala, anthu n'kukwera ndi mitondo yawo, mbuzi, nkhuku, ena mpaka zitseko. Tikangonyamuka, kumbuyo utsi tolo. Nyumba amazitentha kuti eni ake asabwerere. Ine ndimayang'ana kutsogolo.

Ndikuuzeni chimene chinandiseketsa sabata yatha. Pamudzi wina, mkulu wina anathyola nthambi pamtengo umene amapembedzerapo mizimu ya makolo awo, naimanga ndi luzi kumbuyo kwa lole yanga. Womasulira anandiuza kuti nthambiyo iyenera kukhwekhwereza pansi njira yonse, kuti akufa awo atsate mzere wake akafike nawo kumalo atsopano. Ikangonyamuka m'mwamba, akufawo asokera. Ine ndinati akufa a kuno ndi aliwiro ndithu ngati angapikisane ndi lole. Ndinaseka, kapitawo wathu nayenso anaseka, ndipo ndinaponda moto. Pofika madzulo kumbuyo kunatsala luzi lokha. Mkulu uja analimasula, naliyang'ana, n'kukhala pansi pafumbi pomwepo. Kukanakhala bwino akananditukwana.

A Fidelis anena kuti n'zachikunja. Ndikudziwa, nanenso ndine wobatizidwa. Koma mkulu uja sakundichoka m'maganizo.

Tsono za pepala lija. Mukuti boma lalengeza kuti chimanga cha njala alandira okhawo amene adinde chala, kuvomera kusamukira kumalo amene awakonzera kuseri kwa mapiri? Rosaria, chala chanu chisayandikire inki. Ndanena ine. Gulitsani mbuzi yokalamba ija, a Bornwell oyandikana nafe akhala akuisirira kuyambira chaka chatha, ndipo musalole kuti akunyengerereni ndi nkhani zawo zazitali. Limbikirani kudimba. Tinasamuka kale kamodzi, ndipo kamodziko kanakwana.

Mundipsompsonere Selestina. Mumuuze kuti ndamuonera nsalu ya maluwa ofiira m'sitolo ya Mmwenye.

Wanu,
Fabiano


Gwembe
14 Sepitembala, 1958

Amake Selestina,

Ndili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa mwina mphekesera za kuno zafika kale kumeneko. Inu ndi mwana muli bwanji?

Lachitatu lapitali anthu ena anakana kukwera. Iwo anali ndi mikondo, apolisi anali ndi mfuti. Zina sindilemba, makalata a kuno amadutsa m'manja ambiri. Ndingoti lole ndaitsuka kawiri ndi mchenga.

Kumene timawatula anthuwa ndakuona ndi maso angawa. Nthaka youma gwa, madzi a m'chitsime owawa, ana akutsegula m'mimba. Chimanga cha boma chimabwera, inde, wobweretsa wake ndine. Koma inu mukafuna kugwira nkhuku mumatani? Simuimwazira chimanga pakhomo la khitchini? Mu Juni ndinakulemberani motama boma. Mawu amenewo ndawameza.

A Fidelis, ndamva kuti mwawauza amake Selestina kuti kumvera boma ndiko kumvera Mulungu. Werengani apa mokweza, musatsokomole: limenelo ndi bodza. Bwerani mudzakhale pampando wa lole yanga tsiku limodzi lokha, kenaka mukaphunzitse zimenezo.

Mukuti mabanja anayi adinda kale. Asiyeni, zala n'zawo. Inu limbani mtima.

Fabiano


Gwembe
12 Okutobala, 1958

Rosaria, mkazi wanga,

Moni. Thupi lili bwino. Mtima ndiye sindinganame.

Ndamva. Mwadinda.

Nditawerenga ndinatuluka panja n'kumenya theche tayala la lole, moti chala chakuphazi chatupa mpaka lero ndipo anzanga akundiseka kuti ndalimbana ndi bwana wanga. Masiku awiri ndinayenda ndi mkwiyo. Tsiku lachitatu ndinawerenganso kalatayo modekha, n'kufika pamene poyamba maso anga anathamangapo: kuti m'sitolo chimanga mulibe ngakhale munthu atagwira ndalama m'manja, kuti mapazi a Selestina atupa ndipo tsitsi lake lafiira. Ndinafikanso pa mawu anu aja, amene a Fidelis analemba osachotsapo kanthu, mwina mokondwa: "Atate ake Selestina, imwe mudya poso wa kampani. Ise tiphike makalata anu? Mwana mmodzi ninaika kale m'manda, wachiwiri siniika chifukwa cha inki."

Ndachita manyazi. Ndinkalamula ndili wokhuta. Munachita bwino, ndipo ine ndikanakhala pamenepo ndikanadinda ndi zala zonse khumi.

Tsono idyani chimanga chawocho. Mudye mokhuta, mwana azimwa phala katatu patsiku, muthiremo nsinjiro ngati zilipo. Chadinda ndi chala, miyendo sinadinde.

Chinandigwetsa misozi n'chakuti mbewu ija simunaikhudze, mwana akulira ili lende pamwamba pa mutu wanu. Ine sindikudziwa ngati ndikanatha. Ndinakwatira munthu wolimba kuposa ine, izi a Fidelis awerenge kawiri.

Kumapeto mwandifunsa ngati tsiku la malole likafika mudule nthambi pa msuku wa Regina, muimange kumbuyo monga achitira Atonga, kuti mwana asatsale yekha m'famu ya mzungu ng'ombe zikumuponda. Ndinakulemberani nkhani ija ngati nthabwala, inu simunaseke. Funso lanuli landisowetsa mtendere. Yankho ndilibe lero. Musagwire nkhwangwa mpaka ndikulembereni.

Nsalu ya maluwa ofiira ija ndaipereka kwa dalaivala mnzanga wopita ku Lusaka, akaisiya ku mishoni.

Wanu,
Fabiano


Lusitu
2 Novembala, 1958

Amake Selestina,

Moni kwa nonse. Ndakondwa kuti mapazi a mwana aphwa ndipo wayamba kuthamangitsanso nkhuku. Ine ndili bwino. Mwezi uno musadikire kanthu ku mishoni, malipiro andidula. Chifukwa chake nachi.

Sabata yatha ndinanyamula anthu a mudzi wina kubwera nawo kuno ku Lusitu, kumene ambiri akutulidwa. Panali mayi wina wa msinkhu wanu. Anabwera ndi nthambi, naimanga yekha kumbuyo. Ndinafunsa womasulira kuti ndi ya mizimu ya mudzi kodi. Anati iyayi, waithyola pamtengo wa pamanda a mwana wake, wa zaka ziwiri. Zaka ziwiri, Rosaria, ngati Regina.

Ndinaika giya yoyamba. Mayiyo anakhala kumapeto kwa lole miyendo ili lende, maso pa nthambi. Tinapangana kuti ikadumpha pamwala azimenya chitsulo. Akamenya ndinkaima, n'kubwerera m'mbuyo mpaka pamene yadumphira, iye n'kutsika kuigoneka bwino pansi, ndiye n'kuyambanso. Ulendo wa tsiku limodzi tinayenda masiku atatu. M'lolemo munali anthu makumi atatu, dzuwa likuwaotcha, madzi ochepa, koma palibe ndi mmodzi yemwe anadandaula.

Tsiku lachiwiri kapitawo anatipeza panjira, maso ali psu.

"Iwe Fabiano, ni chani ichi? Motoka yafa?"

"Siinafe, ba kapitawo. Nanyamula mwana wamng'ono, sathamanga."

Anasuzumira m'lole. "Mwana uti?"

"Ali kumbuyo, abwera wapansi."

Anatulutsa mpeni kuti adule luzi. Ine ndinatsika ndi chitsulo chopukusira injini chili m'manja, n'kungoima. Amuna a m'lole nawonso anaimirira. Mpeni unabwerera m'thumba. Anati, "Uzaona pa mwezi." Ndaonadi, ndipo sindikudandaula.

Nthambi inafika, yoperepeseka, ndi masamba asanu kapena asanu ndi limodzi. Mayiyo anaizika pafupi ndi msasa wake, n'kundiombera m'manja atagwada. Ndinamva ngati ndalipako mlandu wa mkulu uja wa mu Julaye.

Koma dzulo ndadutsanso pamenepo ndi matumba. Nthambi ija yauma, yasanduka kamtengo chabe. Mayiyo waitchingira ndi minga, ndipo ndinamupeza akuithirira madzi ake akumwa, amene amakatunga mtunda wautali. Sanandizindikire.

Ndiye yankho langa nali. Musadule. Ine mwana wanga sindimukhwekhwereza m'fumbi kumbuyo kwa lole ya munthu aliyense, ngakhale yanga. Mmene tichitire sindinadziwe, koma msuku umenewo usakhudzidwe.

Mundiuze ngati mitambo yayamba kumeneko. Denga la khitchini linali kudontha chakumadzulo, a Bornwell akuthandizeni udzu mbewu isanyowe.

Wanu,
Fabiano


Lusitu
16 Novembala, 1958

Rosaria,

Moni, ndili bwino, ndikulemba mothamanga.

Malole atatu a kampani yathu aitanidwa ku Lusaka. Akuti kuli anthu okhala m'famu ya mzungu cha ku Chongwe, ndiko kwathuko, ofunika kuwachotsa Lolemba pa 1 Disembala. Kapitawo anafunsa ngati alipo wodziwa njira za kumeneko. Ndinakweza dzanja. Iye sadziwa kumene ndimakhala, pachitupa changa panalembedwa Katete. Anakondwa, akuti mutu wanga wayamba kukhazikika. Lole yanga ndiyo idzatsogole.

Musadzidzimuke, ndipo musandifunse.

Ndamva kuti mvula yagwa kawiri kumeneko. Tsitsani mbewu ija lero lomwe. Bzalani munda wonse, kuyambira kuchulu mpaka patsinde pa msuku, osasiya phando. Uzani a Bornwell ndi ena onse, odinda ndi osadinda, kuti atero nawonso. Amene anadya mbewu yawo muwagawireko yathu. Katundu musamange, ngakhale mphasa imodzi.

Kamtsinje kathu kayenera kuti kayamba kuyenda. Njira ya galimoto yolowera kwathu ndi imodzi yokha, ndipo powolokera paja ndimadziwa mwala uliwonse.

A Fidelis, ndakhala ndikukulalatirani miyezi isanu. Lero ndikukupemphani. Mukatha kuwerenga, kalatayi muisonkhezere pamoto.

Fabiano


Kundende, Lusaka
11 Januwale, 1959

Wokondedwa Rosaria,

Moni wochokera m'nyumba ya boma. Ndili bwino, anandimeta mpala ndipo mutu wanga ndaudziwa tsopano kuti ndi wa nsonga. Tikuswa miyala. Chakudya ndi nyemba zofumbwa, koma ndi zaulere, ndiye nanenso boma layamba kundidyetsa. Kalatayi ikubwera ndi a Tenson a ku Chongwe amene akutuluka mawa, ili m'nsapato mwawo, choncho lero ndilemba zonse. Muwapatse madzi akumwa ndi chimanga chachiwisi ngati chilipo kudimba.

Inu munaona muli kutsidya, koma simunamve zimene zinanenedwa. Titafika pakamtsinje madzi anali m'mawondo, ofiira, kumtunda kukugunda. Kapitawo anati tidikire. Ine ndinati, "Musaope, ba kapitawo, nipaziba apa. Nilondoleni chabe." Ndinalowa pang'onopang'ono, giya yoyamba, monga ndinaphunzirira ku Gwembe. Pakati penipeni, pamene pali miyala iwiri ija mumachapirapo, ndinapinda chiwongolero lole n'kupingasa njira yonse. Ndinazimitsa injini. Kiyi ndinaiponya kumunsi, kumene kuli dziwe.

Ndisakunamizeni. Lole imeneyo ndinkaikonda, ndinkaipukuta ngati mwana. Madzulo madzi ataigubuduza ndinamva chisoni.

Koma izi zisanachitike, nditakwera pamwamba pake n'kuyang'ana kutsidya, ndinaona mizere yobiriwira kuchokera kuchulu mpaka kumsuku. Ndinaona inu mutaima ndi khasu, Selestina ali pambali mu nsalu ya maluwa ofiira. Ndipo ndinaona munthu wina atapinda buluku loyera mpaka m'mawondo, matope thupi lonse, akubzala m'munda mwa a Bornwell. A Fidelis, ndinakuonani, musakane. Mizere yanu inali yokhota, koma ndakukhululukirani zonse, nanunso mundikhululukire. Amesenjala pondimanga unyolo ankadabwa kuti ndikuseka chiyani.

Kukhoti woweruza anafunsa kuti kiyi ili kuti. Ndinati, "Bwana, mufunse achule." Womasulira anakana kumasulira, koma anthu kumbuyo anaseka, ndipo ndikuganiza kuti kuseka kumeneko kunandiwonjezera mwezi. Andipatsa miyezi isanu ndi umodzi. Chiphaso choyendetsera galimoto alanda. Achite nacho chimene afuna.

A Bornwell anabwera kudzandiona pa Khirisimasi. Akuti njira yatsekeka mpaka mvula ithe, ndipo boma lanena kuti poti mbewu zili m'munda, za kusamuka zidikire kukolola. Akutinso chimanga cha njala akuleka kukupatsani. Ndinayembekeza zimenezo. Maungu ayamba, bowa alipo, limbani miyezi iwiri yokha. Palirani kachiwiri msanga, udzu wa Januwale sudikira. Mbuzi muzimange, zingalowe m'munda mwa eni.

Pokolola adzabweranso, sindikudzinamiza. Malole ndi ambiri, madalaivala ndi ambiri. Koma ine ndituluka mu Juni, ndipo adzandipeza pakhomo. Inu mukamakolola musankhe chimanga chachikuluchikulu, mupachikenso kudenga pa utsi, pamalo pomwe paja.

Lamulungu mukapita kukasesa pamsuku, mumuuze Regina kuti atate ake anabwera ndi lole, koma anaisiya mumtsinje. Agone, palibe kumene akupita.

Ndine mwamuna wanu,
Fabiano Sakala